Galimoto Yosadziwa Masamba a Maliro

Tadala mwana wanga,

Ndiyambe ndi za m'mawa uno usanazimve kwa ena, pakuti ku Chilomoni kuno nkhani imafika pakhomo mwini wake asanatsegule geti. Ndinapita kumsika kukakugulira nzimbe ndi nthochi za paulendo wako wa mawa. Ndikubwerera m'mbuyo kuti ndizipita, galimoto inayamba kukuwa, pi-pi-pi-piii, ngati yaona mfiti. Ndinaponda buleki, ndinatsika, ndinagwada m'fumbi ndi chitenje changa chatsopano chija n'kuyamba kusuzumira kunsi. "Anthuni, kuli mwana! Thandizeni!" Msika wonse unasiya malonda. Wa makala anagona chafufumimba, wa matemba naye chimodzimodzi. Kunsiko kunalibe mwana, kunalibe ngakhale nkhuku. Anali masamba a nzimbe zanga zomwe, amene anatsalira kunja potseka buti, akulendewera pa kadiso ka kumbuyo. Mayi wina wa tomato anandiyang'ana n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwanayo akuoneka wotsekemera, tigawireniko mfundo imodzi." Zaka zonsezi ndaphunzitsa ana a anthu za mitsinje ndi mapiri a dziko lapansi, dipuloma ili pakhoma, lero ndagwadira nzimbe pagulu.

Ndikulemba ndili m'galimoto momwemo, pansi pa mtengo wa mapeyala, buku la nyimbo ndalisandutsa tebulo. M'nyumba mulibe malo. Ankolo ako a Sikelo afika dzuwa lili pamutu, amvekere, "Sindikhala, ndangobwera kudzatsanzikana ndi mphwanga." Adya, amwa tiyi, apemphera, amwanso tiyi, ndipo pawindo ndikukuona uli pampando wa pakona, manja ali pamaondo, ukuvomera "eya ankolo, zoona ankolo" ngati mboni ya kukhoti. Ndimafuna lero tikhale awiri ndikuuze zanga. Popeza achimwene anga atenga tsiku lonse, ine ndatenga pepala.

Chawabweretsa ukuchidziwa. Akuti mtsikana sangayendetse yekha galimoto kuchoka ku Blantyre mpaka ku Lilongwe, kaya akukayamba ntchito kaya akukatani. Akuti ayendetsa ndi iwo, iwo amene anasiya chiwongolero nthawi imene galimoto inkalira ndi kukankha. Inenso ndinali ndi pulani yanga: kukhala pambali pako mpaka tikafike, n'kubwerera pabasi. Iwe Lamulungu unandiuza tikutsuka mbale, osandiyang'ana, kuti, "Amayi, ndipita ndekha." Ine ndinapitiriza kutsuka mbalezo. Yankho lili m'kalata muno, koma usathamangire kumapeto. Mphunzitsi sapereka malikisi asanaphunzitse.

Ukukumbukira mmene galimotoyi inabwerera. Achimwene ako Kondwani, kunja kumene akugwira ntchito kuja, anaiitanitsa ku Japan kuti ikhale mphatso yanga yopumira pantchito. Inafika ndi mabatani ngati a malaya a msilikali, zolemba zonse ngati mapazi a nkhuku, ndiponso mawu a mayi wina waulemu amene amalankhula ukangoliza injini. Tsiku loyamba ndinamuyankha kuti, "Ndadzuka bwino, kaya inu," ndipo kuyambira pomwepo tinamutcha Abiti Japani. Kondwani anandiphunzitsa pafoni, nkhope yake ikudukaduka ndi netiweki: "Amayi, batani ilo ndi la kuruzi. Mukalidina mumaiuza galimoto liwiro limene mukufuna, ndiye imayenda yokha, mwendo wanu n'kupuma. Kutsogoloko ili ndi diso. Ikaona inzake ikuyenda pang'onopang'ono, nayo imachepetsa. Inzake ikaima, nayo imaima. Inu kwanu n'kugwira chiwongolero." Ndinati, "Ndiye wanditumizira galimoto kapena dalaivala?" Iye amvekere, "Wothandizira, amayi, osati dalaivala." Mawu amenewo ine ndinawamva ndi khutu limodzi. Iwe uwamve ndi onse awiri.

Usaganize kuti ndikuinyoza, ayi. Galimoto yathu yakale ija, ndikakodwa mu mdipiti wa madzulo wochokera ku Limbe, ndinkafika kunyumba bondo likuyaka moto ndi kilatchi, pakamwa pali mawu oti Lamulungu sindikanalandira nawo mgonero. Iyi imakwawa yokha ngati nkhono, kuima, kuyambanso, ine ndikuyeserera nyimbo za kwaya. Ndimafika pakhomo ndili munthu. Akuti ku Lilongwe mizere ya m'mawa ndi yaitali kuposa yathu, ndiye chinthuchi chidzakusungira mwendo ndi mtima womwe. Uzichigwiritsa ntchito. Kungoti imva pamene chinandigwetsa ine, kuti iwe ukagwe pena patsopano.

Poyamba panali pa mpata. Patsogolo pa chiwongolero pamaoneka timizere tosonyeza kukula kwa mpata umene galimoto izisiya pakati pa iwe ndi wakutsogolo: titatu ndi mpata waukulu, kamodzi ndi waung'ono. Ine, mayi wa ulemu wanga, ndinasankha titatu, n'kulowa mumsewu waukulu wopita ku Limbe nthawi yoweruka. Mwana wanga, mwina ku Japan mpata ndi ulemu, koma pa Ginnery Corner mpata ndi kuitana alendo. Minibasi inalowa. Abiti Japani anachepetsa liwiro, n'kusiyanso mpata. Inalowa ina. Anasiyanso. Inalowa ya nkhuni, inalowa ya mchenga, wa kabaza wonyamula mbuzi naye anati nanga ine ndalakwanji. Ndinkaona ngati ndikubwerera ku Chilomoni chafutambuyo. Kondakitala wina anatulutsa mutu, kundiombera m'manja: "Mami, Mulungu akudalitseni, mawanso mubwere!" Ndinapsa mtima, ndinadina mpaka kutsala kamzere kamodzi, kuti tione wolowa. Sanalowedi munthu. Koma wakutsogolo ataponda buleki mwadzidzidzi pa Chichiri, yanga inaima mwamphamvu moti mazira amene ndinagula anakaswekera pansi pa mpando, ndipo zolemba za pabampala yake ndinaziwerenga popanda mandala. Choncho iwe m'tauni ika tiwiri, kunja kwa tauni titatu, mvula ikagwa titatu. Wofuna kulowa muleke alowe. Kulowereredwa kumawawa mumtima mokha, ndipo mtima umapola msanga kuposa bampala.

Taona, ankolo ako aimirira. Atenga chipewa. Ayi, amangofuna kukuonetsa ndi manja kutalika kwa njoka ija anaipha ku Mulanje, imene imakula chaka ndi chaka. Akhalanso.

Kwina kunali pa maloboti. Mzere ukaima pang'ono n'kuyambanso, galimotoyi imanyamuka yokha kutsatira inzake, osakufunsa. Iyo imayang'ana galimoto inzake. Sidziwa kuti kwathu kuno pakati pa magalimoto awiri pamakhala msika. Tsiku lina wakutsogolo atasuntha, yanga inanyamuka, pamene bambo wogulitsa mamopu ndi malamba anali atangolowa pakati, nkhope ili kwina, akuthamangira kasitomala. Galimoto inalira, ine ndinaponda. Sindidziwa anayamba ndani kugwira buleki, ine kapena iyo, ndipo sindifuna kudzayesanso kuti ndidziwe. Bamboyo anatsamira boneti ndi dzanja, anandiyang'ana, amvekere, "Madamu, mukafuna mopu mumangoitana." Tinaseka tonse. Mwendo umene kuruzi yaupumitsa usaupinde pansi pa mpando, Tadala. Uzikhala pamwamba pa buleki ngati mphaka pa una wa mbewa. Ukangogunda buleki pang'ono, kuruzi imasiya, galimoto n'kubwerera m'manja mwako. Ndipo malo ngati pamsika wa Ndirande, pamene anthu, mawilibala ndi njinga zimayenda ngati madzi osefukira, uzizimitsiratu. Kumeneko n'kwa maso a munthu.

Tsopano ya masamba. Iwe umaidziwa mmene amaisekera amayi a kumpingo. Imva mmene inachitikira. Ndinkachokera ku Machinjiri kukaona mnzanga wodwala. Msewu unali wotakasuka, ndiye ndinaika kuruzi pa sikisite. Nditafika kumene nyumba zathinana ndinapeza minibasi ikuyenda pang'onopang'ono, yanga n'kuchepetsa kumbuyo kwake, ndipo tinayenda choncho kanthawi ndithu. Ine ndinaiwala kuti kuruzi ikadali yoyatsa. Ndinkangodziona ngati dalaivala wofatsa. Wailesi ikuimba, ine ndikuthandizira. Masamba aawisi oyala pamsewu ndinawaona bwinobwino. Ndinaona wanjinga atatsika akukankha njinga yake, abambo atavula zipewa, amayi atakhala pansi m'mbali mwa msewu mitu ili m'mipango. Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse wailesi. Nthawi yomweyo minibasi ija inapatukira kumbali kukatsitsa anthu a pamalirowo. Abiti Japani anaona njira yoyera, anakumbukira sikisite yake, n'kunyamuka ngati wamva kuti mkaka ukutayika pamoto. Ndinadutsa pamaliro a anthu, Tadala, injini ikubangula, masamba akuuluka kumbuyo, wailesi ikuimba ya chikwati. Pamene mwendo wanga unkapeza buleki, fumbi langa linali litafika kale kwa anamfedwa.

Pakati pa amayi aja ndinaonapo nkhope ziwiri za kwaya yathu, ndiye kuthawa kunalibe phindu. Ndinaimika galimoto, ndinamanga chitenje, ndinabwerera wapansi, kamtunda kakafupi kamene kananditalikira kuposa ulendo wa ku Nsanje. Ndinagwada pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti, "Pepani makolo anga, si ine, ndi galimotoyi. Imathamanga yokha." Kenaka mkulu wina wa jekete lakuda, amene ndinamva pambuyo pake kuti ndi mchimwene wa malemuyo, anafunsa mofatsa, "Chabwino mayi. Ndiye tidikire galimotoyo ibwere idzapepese?" Ndinasowa polowa. Ndinati, "Ayi bambo, ndalakwa ndine." Iwo anati, "Basi, khalani pansi mulire nafe." Ndinakhala mpaka kumanda. Ndinaimba nawo, ndinatunga nawo madzi, maliro a munthu amene sindinamuonepo ali moyo. Lero ine ndi mkazi wamasiye wa malemuyo timapatsana moni ngati pachibale, ndipo maluwa ali pakhondewo mbewu yake anandipatsa ndi iye.

Funso la mkulu uja ulisunge. Galimoto iyi sidzapepesa, sidzagwada, sidzaima pamaso pa mayi wa mwana. Imaona chitsulo choyenda patsogolo pake, masamba siiwadziwa. Pamsewu wa ku Lilongwe masamba udzawaona kambiri, ndipo amanena zinthu ziwiri: apa pali maliro, kapena patsogolopa pafera lole, pakuti madalaivala athu mathirayango awo ochenjezera ndi nthambi. Ndipo lole yoima, Kondwani anandichenjeza, diso lija nthawi zina siliiona msanga, makamaka itaima pokhota, kapena wakutsogolo akailewa mwadzidzidzi n'kukusiyira iwe. Ukaona tsamba laliwisi patala, usadikire kuti Abiti Japani aganize. Ponda. Ndipo wakutsogolo akapatuka, dzifunse msangamsanga: kodi mayi uyu ndinamuuza liwiro lanji? Iye saiwala. Oiwala ndife.

Zina n'zazing'ono, ndizitchule mothamanga, ankolo ako ayamba kuyang'ana wotchi. Chiwongolero chimanjenjemera ndi kukukoka pang'ono ukadutsa mzere woyera usanayatse indiketa. Icho chimaganiza kuti ukusinza, sichidziwa kuti ukulewa dzenje loti bakha angasambiremo. Chigwire ndi manja awiri, chidziwe kuti mwini wake ndiwe. Kumene mizere inafufutika, ndiko kuti misewu yambiri ya kwathu kuno, chimangokhala chete, ndiye usaganize kuti pali wina akukuyang'anira. Matope akamata kutsogoloku, kapena chifunga cha ku Dedza chikatsika, diso lija limachita khungu. Kagetsi kachikasu kakayaka ndiye kuti lagonja. Yendetsa monga anakuphunzitsira kusukulu ya galimoto. Kansalu kopukutira ndakaika m'chitseko. Ndipo nzimbe uzizilowetsa zonse.

Pagalasi la m'mbali palinso kagetsi kamene kamayaka wina akakhala pamene iwe suona. M'tauni muno, ndi akabaza athuwa, kamangophethira kosalekeza, ndipo patapita miyezi ndinazindikira kuti ndinasiya kukaona. Chinthu chochenjeza nthawi zonse maso ndi makutu amachizolowera, tsiku la zoona n'kuchinyozera. N'chifukwa chake m'mawa uno ndagwada m'fumbi: bola kusekedwa ndi wa tomato kusiyana ndi kunena kuti ndimayesa ndi phokoso lake lija. Iwenso uzitembenuza khosi, uone wekha, ngakhale kagetsi kali kozima.

Chotsatirachi chikundivuta kulemba. Ndazindikira kuti polowa muno sindinakhale ku chiwongolero, ndakhala mpando wa kumanzere, umene ndimakhala ukamayendetsa iwe. Ndayang'ana pansi, kapeti yaperepeseka malo amodzi. Ndine ndaiperepesa, ndi kuponda buleki imene kulibe. "Tadala njinga! Tadala dzenje! Tadala wamuona uyo?" Tsiku lija pa Kameza unaima pambali, unazimitsa injini, n'kundifunsa mwaulemu wowawa, "Amayi, m'galimoto muno a Abiti Japani alimo angati?" Ndinatupa mpaka kunyumba. Koma wanjinga uja unali utamuona kale, dzenje lija unali utalilewa kale. Umayendetsa bwino kuposa ine. Ndalemba, sunga pepalali, pakamwa sindidzabwereza. Buleki umaiponda mofatsa, hutala wa kumbuyo sakututumutsa, ndipo masamba unawadziwa usanadziwe kuwerenga, pamene unkandikoka chitenje kuti, "Amayi, apa tiyende osalankhula."

Ndiye pulani yanga ya pabasi ija sinali ya msewu wokha. Ndiwe mzime. Bambo ako anatsogola, Kondwani ndimamuona pafoni nkhope ikudukaduka, ndipo mawa madzulo m'nyumba muno mudzatsala ine ndi dipuloma. Koma usandimvere chisoni chambiri, ungachedwe kuntchito. Kutchalitchi n'kufupi, kumsika andidziwa tsopano kuposa kale, kwaya ikufuna munthu wokhazikika, ndipo bondo ili adokotala anati limafuna kuyenda. Galimoto ndakupatsa ndi mtima wonse. Ikatenge fumbi la ku Lilongwe, ikaime pamalo pamene palembedwa dzina lako, ndipo Khirisimasi idzakubweretse.

Ankolo ako atuluka! Chipewa chili kumutu, chikwama m'khwapa.

Ndikumalizira ndili pakhonde, chifukwa ndikufuna udziwe mmene ndazionera ine. Afika pawindo la galimoto, amvekere, "Achemwali, nthawi ino maminibasi a ku Bangwe adzaza. Tiperekezeni, nkhani ya mawa timalizire m'njira." Ndatsika, ndakuitana, ndakupatsa kiyi. Iwo amvekere, "Nanga inu?" Ndati, "Ine bondo." "Mwanayu? Nthawi yoweruka ino? Kudutsa m'Limbe?" Ndati, "Achimwene, mukakafika ku Bangwe muli moyo, nkhani ya mawa yatha." Alowa ngati munthu wokazula dzino, amanga lamba asanauzidwe, chipewa achigwirira pachifuwa.

Iwe wandiyang'ana, kudikira kuti nditsegule chitseko cha kumbuyo. Sindinatsegule. Wakonza galasi, watembenuza khosi, wabwerera m'mbuyo bwinobwino, Abiti Japani osalira ngakhale kamodzi. Pageti waima kuti mayi wosenza ndowa adutse, wayatsa indiketa ngakhale pamsewu panalibe woiona koma galu wa aneba. Ndamva ankolo ako akuyambiranso ya njoka ija, kenaka mwakhota.

Mawa upita wekha. Ukafika pa Zalewa usandiimbire, pa Ntcheu usandiimbire, foni ikhale m'chikwama. Udzaimbe utazimitsa injini pakhomo pako, ndipo ine ndidzayesetsa kuti ndisayambe. Mulungu akutsogolere, koma chiwongolero ugwire ndiwe.

Pano ndangoona kuti phazi langa lamanja lakhala likukanikiza simenti ya pakhonde kuyambira pamene mwatuluka pageti. Ndalichotsa.

Ndine amayi ako,
fumbi la kumsika likadali m'maondo.